Botolo Losatha

"Mwanayo si wako wekha, Rute. Ndi wa mbumba yonse ino," anatero a Goliati uku akusisita mawondo awo otupa. "Ndiye sungamamwetse mwana wa eni ake mankhwala a anthu odikira imfa."

 Rute anali atatsamira chipupa cha nyumba ya mayi ake, mwendo wakumanzere atautambasula mpaka pamene fupa la m'chiuno linkamulola, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi itakhala pantchafu. Botolo limene ankakanganiranalo analiika pampando pakati pa bwalo ngati nalonso laitanidwa kumlandu. Linali botolo wamba lapulasitiki, muli mankhwala amadzi obiriwira, ndipo pakhosi pake anamangirirapo ndi labala sirinji yopanda singano yoyezera.

Anafotokozanso zomwe anali atafotokozera kale mayi ake, azimayi a kumpingo ndi aliyense amene ankabwera kudzamuzonda n'kuthera pomulangiza. Matenda a magazi amene anabadwa nawo anamudya fupa la m'chiuno, moti popanda mofini, mankhwala opha ululu a m'botolomo, sakanatha kufika ngakhale kuchimbudzi. A Kalinde, dokotala wa kuchipatala cha kuboma amene ankamupatsa mankhwalawo, za mimbayo ankazidziwa. Sanamubisire kuti mankhwalawo amamufika mwana, komanso kuti akadzabadwa adzayenera kukhala kuchipatala masiku angapo akumuyang'anira. Koma anamuuzitsa kuti choopsa kwambiri n'kuwasiya mwadzidzidzi, chifukwa thupi lozolowera likawasowa limagwedezeka, ndipo chiberekero chimagwedezeka nalo limodzi. Ngati n'kuchepetsa, azichepetsa ndi dokotala, pang'onopang'ono.

A Goliati anamvetsera mwaulemu, monga amamvetserera munthu amene chigamulo wabwera nacho kale m'thumba. Iwo anali mlongo wa a Dainess, mayi ake a Rute, choncho anali mwini mbumba, komanso anali mkulu wa mpingo. Anati madokotala a masiku ano ndi ana, amalemba papepala n'kumapita kwawo, koma mwana akabadwa wosalongosoka omulera ndi anthu a pamudzi. Anati mankhwala obiriwira omwewo anawaona kwa mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje amene ankadwala khansa, ndipo mayiyo sanathe mwezi. Anawonjezera kuti amayi awo anabereka nyumba yodzaza osalawa ngakhale panado.

A Dainess ankapeta nandolo chapafupi, mankhusu akuulukira pabotolo paja. Osasiya kupetako, anati ululu ndi wa mkazi aliyense, ndipo Rute asaganize kuti amene anabereka kale ankamva kukoma.

Overtone, mwamuna wa Rute, anali atakhala pampando wa njinga yake ya kabaza kumapeto kwa bwalo, malo amene mkamwini amakhala eni mudzi akamakamba zawo. Atamufunsa maganizo ake, anati iye angotsata zimene akuluakulu agwirizane. Rute anamuyang'ana, iye n'kuyang'ana tcheni cha njinga.

Chigamulo chinali chofewa kuposa mmene Rute ankaopera. Sanamuletse kumwa. Anangoti botolo lichoke m'nyumba mwake lizikakhala kwa mayi ake, ndipo a Dainess ndi amene aziyeza, kuopa kuti mwana wamasiku ano ululu ukamupanikiza angapyole muyezo. Nthawi yomwera inali itakwana kale, m'chiuno mukuyaka ngati athiramo makala. Rute akanavomera chilichonse chimene chikanathetsa msonkhanowo. Anavomera, ndipo a Goliati anatseka ndi pemphero lalitali.

Sabata yoyamba zinayenda bwino. A Dainess anali munthu wosamala. Anaphunzira mzere wa pasirinji, ndipo foni ya Rute ikalira kukumbutsa nthawi, ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kukayeza. Mankhwala a usiku ankamuyezeratu m'kakapu. Rute ankadutsa bwalo ndi ndodo yake, kumwa, kuthokoza, n'kubwerera. Anafika poganiza kuti mwina si zoipa kukhala ndi munthu wokuyezera mankhwala pamene ululu wakupanikiza.

Sabata yachiwiri mankhwala anayamba kutha msanga m'thupi. Kale akamwa ankatha kusesa m'nyumba, kutsuka mbale, ngakhale kukhala pamkeka n'kumasankha nandolo mpaka foni ilirenso. Tsopano ululu unkangobwerera m'mbuyo pang'ono ngati galu amene wamuopseza ndi mwala, kenako n'kubweranso kudzagona pomwe paja. Panabweranso zina zachilendo. Ankayasamula osalekeza koma tulo osabwera. Mamina ankangotsika popanda chimfine. Dzuwa la Okutobala lili ng'aa, iye thupi lili tsemwe, thukuta lozizira likuyenderera kumsana. M'mimba munkapota, ndipo ulendo wa kuchimbudzi, umene kwa iye unali ulendo ndithu, unachuluka. Mwana m'mimbamo, amene kale ankangogunda mwaulemu, anayamba kuphiriphitha ngati akufuna potulukira.

A Dainess ataona zimenezi anapukusa mutu nati amalume ake ananena, mankhwala aja ayamba kuonetsa khalidwe lake. Rute mwiniwake anaganiza kuti mwina ndi kulemera kwa mimba. Sanali kudziwa kuti mimba yokula imamveka bwanji, pakuti iyi inali yoyamba kufika patali chonchi.

Masiku omwewo a Goliati anayamba kubwera pafupipafupi. Kale, chifukwa cha mawondo, ankangooneka pamaliro ndi pamilandu. Tsopano ankabwera pafupifupi masana alionse, akuti kudzaona odwala. Odwalawo ankawalonjera ali chiimire, n'kulowa m'nyumba mwa mlongo wawo. Potuluka ankayala mkeka pansi pa mango n'kugona tulo tofa nato, pakamwa pali yasa, nkhuku zikuwadumpha miyendo. Ndodo anaisiya. Lamulungu lina anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, kumene anaimirira n'kuchitira umboni kuti Ambuye awakhudza mawondo, mpingo wonse n'kuyamba nyimbo. Dandaulo lawo linatsala limodzi, ndipo ankaliuza aliyense: kudzimbidwa.  Rute vuto limenelo ankalidziwa bwino. N'chifukwa chake iye ankadya mapapaya tsiku ndi tsiku chiyambire mofini, ndipo linali litamuthera masabata omwewa.

Anayamba kuliyang'anitsitsa botolo mayi ake akamayeza. Masiku ankapita koma silinkatsika monga linkachitira lili m'manja mwake. Mtundu nawo unali utasintha. Kubiriwira kuja kunali kutafwifwa, kutsala ngati madzi otsukira ndiwo zamasamba.

Tsiku lina masana ululu unamufulumiza, anadutsa bwalo foni isanalire. Chitseko cha mayi ake chinali chotseka mwatheka. A Goliati anali atakhala pampando, mutu atapendeketsa chagada, a Dainess akuwamwetsa ndi supuni yaikulu yodyera phala. Anawathirira yachiwiri. Mkuluyo anameza, kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kuthokoza. Kenako a Dainess anatunga madzi m'ndowa ndi chikho n'kuthira m'botolo mosamala, diso lili pakamzere kamene anali atakanda ndi chikhadabo, n'kutseka, n'kukhutchumula bwinobwino.

A Goliati potuluka anamupeza Rute pakhomo. Anamufunsa kuti odwala aswera bwanji, n'kupitirira kukatenga mkeka wawo.

Rute analowa n'kukhala pampando umene amalume ake anachokapo. Unali ukadali wofunda.

"Mwayamba liti, amayi?"

A Dainess sanadzidzimuke, ndiponso botolo sanalibise. "Ndi mlongo wanga uja, Rute. Anabwera pano tsiku lina atatsala pang'ono kukwawa, munthu wamkulu misozi ili m'maso. Mankhwala ali pawindo apa, akuwaona. Ndikanati chiyani? Ndilibe?"

"Mukanati ndi a Rute."

"Mankhwala ali ndi mwini? Iweyo panado wako sunkagawira anthu pano? Ine mapiritsi anga a BP ndinagawana ndi anzanga a kumvano, palibe anafa. Munthu akubuula pakhomo pako, iwe uli ndi chomuthandizira, n'kumumana? Ine sindinaleredwe choncho, ndipo iwe sindinakulere choncho."

"Nanga madziwo?"

"Madziwo ndiye ndakuchitira iweyo. Unanena wekha pabwalo paja kuti adokotala akufuna uzichepetsa pang'onopang'ono. Si kuchepetsa kumeneku? Amalume ako apeza bwino, mwana akumwa zochepa, botolo likufika tsiku lake. Ndalakwa pati?"

Rute anawayang'ana kumaso kufuna kupeza bodza, koma sanalipeze. Mayi ake ankakhulupiriradi kuti achita zabwino zingapo ndi chikho chimodzi cha madzi, ndipo ankadabwa kuti palibe wowathokoza. Likanakhala bodza bwenzi atakalipa, mwina n'kupepukidwa. Izi zinangomuwonjezera kutopa.

"Paja amalume ananena kuti ndi mankhwala a anthu odikira imfa," anatero chapansipansi.

"Iwo alibe mimba," anayankha a Dainess.

Rute anatenga botolo lija ndi sirinji yake. Mayi ake sanamukanize. Anangomutsatira mpaka pakhomo n'kumupempha chinthu chimodzi, kuti nkhaniyi isakafike kuchipatala. Anamva kuti mankhwala amenewa boma limawalondola kwambiri. Amalume ake ndi mkulu wa mpingo, achitira umboni pamaso pa anthu, ndiye akamveke kuti atengedwa ndi apolisi chifukwa cha supuni? Mbumba yonse ingayende bwanji pamsewu wa ku Njuli?

M'mawa mwake Rute anamupeza Overtone akupopa tayala, n'kumuuza zonse. Anamupempha kuti asapite kusiteji ya kabaza tsiku limenelo, amuperekeze kuboma akatenge botolo lina. Overtone anapitiriza kupopa mpaka tayala linalimba kupitirira muyezo. Kenako anati tsiku lolandirira mankhwala silinakwane, ndipo akapita msanga adokotala afunsa chifukwa chake. Akanena zoona, ndiye kuti aneneza amalume. Akabisa, adokotala aganiza kuti Rute wayamba kumwa mopyola, mwina n'kumusiyitsiratu.

"Ndiye tikanene zoona," anatero Rute.

"Munda tikulimawu anatipatsa ndani? Njerwa taumba zija zili pamalo a ndani? Inu ndinu mwana wa pano, angakukwiyireni mwezi umodzi basi. Ine ndine wobwera. Anena kuti ndine ndakutumani."

"Mwanayu ndi wanu, a Overtone."

"Ndikudziwa." Anachotsa pampu n'kuimangirira panjinga. "Pangotsala sabata ndi masiku ochepa. Poti athira madzi, muzingomwa masirinji awiri m'malo mwa imodzi. Ndibweretsanso panado madzulo."

Sanali munthu woipa. Panadoyo anabweretsadi, pamodzi ndi mapapaya amene Rute sankawafunanso. Rute anachita monga ananenera mwamuna wake, ngakhale panalibe amene akanadziwa kuti m'masirinji awiriwo mankhwala ndi ochuluka bwanji ndipo madzi a pamjigo ndi ochuluka bwanji. Botolo limene kwa mayi ake silinkatha linatha m'masiku owerengeka. Anathiramo yekha timadzi, kutsukuluza, n'kumwa. Pambuyo pake panalibenso chotsukuluza.

Akanatha kuitana kabaza wina. Anaziganizira kangapo ali chigonere pamkeka, mawondo atawakokera kumimba, mano akugundana. Koma wa kabaza aliyense pa Njuli ankamudziwa Overtone, ndipo kungoganiza za mabampu a msewu uja kunkamutulutsa thukuta. Ankadziuza kuti mawa, akapezako mphamvu. Azimayi obwera kudzamuona atamva kwa a Dainess kuti mankhwala aja wawasiya, anamuyamikira kwambiri. Anati tsopano ndiye wakula, wadziwa kupirira ngati mkazi. A Goliati anabwera kamodzi, kulowa kwa mlongo wawo, kutuluka msanga, ndipo mkeka sanaufunse.

Matenda a kubereka anayamba Lachinayi m'mawa, Rute akuyesa kutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba. Poyamba sanawasiyanitse ndi kupota kwa masiku onse aja, mpaka madzi anatsika m'miyendo. Mimba inali itangolowa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Anthu anakaitana Overtone kusiteji. Atafika anamukweza Rute panjinga n'kumaikankha wapansi chifukwa kupalasa Rute sakanapirira, a Dainess akutsatira pambuyo ndi beseni ndi zitenje pamutu, akupemphera mokweza njira yonse. Kuchipatala chaching'ono anamwino atangomuyeza anaitanitsa ambulansi ya kuboma.

Mwana anabadwa dzuwa likupendeka. Anali wamwamuna, wokwana m'manja awiri, khungu lopyapyala loonetsa mitsempha. Analira kamodzi, kamawu kosapitirira pabedi, ndipo anathamanga naye kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Rute anangoona kaphazi.

Tsiku lotsatira a Kalinde anabwera kuwodi. Anali atamva kwa anamwino kuti wodwala wawo wachira nthawi isanakwane. Anamufunsa Rute kuti mankhwala wakhala akumwa motani masabata apitawa, nafotokoza kuti sakufunsira mlandu, koma amene akusamalira mwana akufuna kudziwa kuchuluka kwa mankhwala amene ankamufika. A Dainess, amene anali atakhala pansi m'mbali mwa bedi, anafulumira kuyankha kuti ankamwa ndendende monga adokotala ananenera, iwo ndi amene ankayeza.

"Ndakhala ndikumwa madzi, adokotala," anatero Rute akuyang'ana kudenga. "Kenako ndinakhala wopanda chilichonse."

Anafotokoza zonse mwachidule, supuni, chikho, masirinji awiri. Dzina sanatchule, anangoti wachibale. A Kalinde sanakalipe. Anavula magalasi, kutikita m'maso, n'kufunsa chifukwa chimene sanabwerere tsiku lomwelo. Rute anati kunyumba kunali zovuta. Adokotalawo anaoneka kuti yankho limenelo analimvapo kwa anthu ambiri. Anati sangalumbire kuti n'zimene zafulumizitsa mwana, chifukwa matenda a magazi aja nawonso amatha kutero paokha, koma thupi la mayi woyembekezera siliyenera kudutsa m'zimene Rute wadutsamo, ndipo iwo akuona kuti zathandizira kwambiri. A Dainess anagwira mbali yoyamba ya mawuwo, yakuti adokotala sangalumbire, n'kuisunga bwino. Ndi imene anapita nayo kumudzi.

Kuchipatalako anamuyambitsanso Rute mankhwala, ndipo ululu utagona anatha kumapita panjinga ya odwala kukaona mwana. Ankafinyira mkaka m'kakapu, anamwino n'kumamupatsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Ankalowetsa chala m'kadzanja kake, nthawi zina kadzanjako n'kufumbata. Overtone ankabwera madzulo alionse n'kuima pawindo, chipewa chili m'manja. Dzina anali asanagwirizane. Mwanayo sanathe sabata.

Anakamuika azimayi okhaokha monga mwa mwambo wa khanda, m'mawa, popanda nyimbo, popanda kulira. Rute anali akadali kuchipatala. Atatuluka anapeza zonse zitatha, bwalo litasesedwa, nandolo ali m'matumba kudikira ogula. Mayi ake anamumanga mabere ndi chitenje kuti mkaka uume. 

Anthu ankabwera awiriawiri kudzamupepesa motsitsa mawu. Pofika nthawiyi mudzi unali utagwirizana kale chimene chinachitika. Anali mankhwala aja. Mwana anawamwa miyezi yambiri, ndipo pamene mayi ake ankawasiya n'kuti atachedwa kale. Ena ankanena momumvera chisoni, kuti nanga akanatani munthu wodwala. Ena ankanena ngati phunziro kwa atsikana amene amakhulupirira za kuchipatala kuposa makolo awo. Rute ankamva zonsezi atatsamira chipupa cha nyumba yake, n'kumangoti zikomo. Kuti atsutse panafunika mphamvu, ndipo akanayamba ndi ndani?

A Goliati anabwera Loweruka masana, pabwalo pali azimayi angapo a kumpingo. Anatulukira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, akupuma panjira. Overtone anawapatsa mpando n'kubwerera kunjinga yake. Mkuluyo anakhala pansi mobuula, kuvula chipewa, n'kupemphera kuti Mulungu amene anapereka ndi yemwe watenga. Atatha anati sakufuna kukumbutsa zakale pa nthawi yachisoni, koma mbumba ikumbukire kuti iwo ananena pabwalo pomwe pano, botolo lili pampando, ndipo akanamveredwa tsiku lomwelo bwenzi lero akunyamula mdzukulu. Azimayi aja anavomereza ndi mitu. A Dainess ankatola timiyala pansi n'kumatiika pambali.

Rute anadikira mpaka onse atakhala chete.

"Mawondo ali bwanji, amalume?"

A Dainess anasiya kutola timiyala. Overtone anatukula mutu. A Goliati anamuyang'ana Rute, ndipo nkhope yawo inafewa ngati ya munthu amene wakhala akudikira kuti wina amufunse.

"Ayambiranso, mwana wanga. Kuposa kale. Kugona sindikugona."

Anakoka mpando kusendera pafupi, n'kutsitsa mawu kuti azimayi aja asamve.

"Paja kuchipatalako akupatsa botolo lina, eti?"